Magemu afupiafupi a RPG opangidwa kunyumba ndi nkhondo zake zachilendo: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene amabwerabwera kuchokera kwa anthu amene amva za magemu amenewa. Oyambirira ndi a munthu amene sanawagwirepo n'komwe. Akumunsi ndi a munthu amene wasewerako ndipo wayamba kulakalaka kupanga yake.

Kodi gemu ya RPG ndi yotani?

Ndi gemu imene mumalowa m'malo mwa munthu wa m'nkhani. Mumayenda naye m'midzi, m'mapanga ndi m'nkhalango, mumalankhula ndi anthu, mumatola zida, ndipo mukakumana ndi adani mumamenyana nawo. Zonse za munthu wanuyo zimalembedwa m'manambala: moyo umene watsala nawo, umene magemu ambiri amaulemba kuti HP, mphamvu ya dzanja lake, kulimba kwa thupi lake ndi liwiro lake. Akamapambana nkhondo, manambalawo amakwera.

Gwero lake ndi Dungeons & Dragons, masewera a patebulo amene anatuluka ku America mu 1974, oseweredwa ndi mapepala, pensulo ndi madayisi. Pa kompyuta panabwera Wizardry ndi Ultima mu 1981, kenako ku Japan kunatuluka Dragon Quest mu 1986 ndi Final Fantasy mu 1987. Magemu amene tikukamba pano anatengera kwambiri awiri a ku Japan aja, ngakhale amene apangidwira ku Belgium, ku Finland kapena ku America.

Nanga nkhondo yopatsana mpata ndiye iti?

Ndi nkhondo imene inu ndi mdani simumenya nthawi imodzi. Gemu imaima n'kukudikirani. Mumasankha pa menyu chochita: kumenya, kudziteteza, kuponya matsenga, kumwa mankhwala kapena kuthawa. Mukasankha, munthu wanu amachita zimene mwamuuza, mdani nayenso amachita zake, kenako mpata umabwerera kwa inu. Kaya muganiza kwa sekondi imodzi kaya kwa theka la ola, mdani sasuntha. Chimene chikuyesedwa ndi mutu wanu, osati changu cha zala, ngakhale pali magemu amene amasakaniza ziwirizi, monga tifotokozere kutsogoloku pa funso lokhudza kuthamangitsa zala.

Mukati opangidwa kunyumba, amapanga ndani?

Munthu mmodzi, mwina awiri kapena atatu, pa kompyuta ya m'chipinda mwake, popanda kampani yomulemba ntchito. Ambiri amagwiritsa ntchito RPG Maker, pulogalamu ya ku Japan imene inayamba ndi kampani ya ASCII kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Yatuluka m'mitundu yambiri: 2000, 2003, XP, VX, VX Ace, MV ya mu 2015 ndi MZ ya mu 2020. Imakupatsani zonse zoyambira: pojambulira mapu, polembera zokambirana, ndi nkhondo yokonzedwa kale.

OFF inapangidwa ndi Mortis Ghost wa ku Belgium mu 2008 pa RPG Maker 2003, ndipo nyimbo zake anapeka ndi Alias Conrad Coldwood. Space Funeral ndi ya thecatamites wa ku Ireland, ya mu 2010. Mason Lindroth anatulutsa Hylics mu 2015 ataumba anthu ndi zinthu zambiri za m'gemumo ndi dongo, n'kuzijambula ndi kamera. Undertale ya Toby Fox, ya mu 2015, sinapangidwe pa RPG Maker koma pa pulogalamu ina yotchedwa GameMaker. Ntchito yambiri anagwira yekha, Temmie Chang n'kumuthandiza pa zojambula.

Ndi afupi bwanji?

Space Funeral mumaimaliza pa ola limodzi kapena awiri. Hylics imatenga madzulo amodzi kapena awiri. OFF ndi Undertale zimafika maola 5 kapena 6. Poyerekeza, Final Fantasy kapena Dragon Quest ya masiku ano imadya maola 40 kupita m'tsogolo. Pali ena amene tiwatchule pansipa, monga Omori, amene si afupi ayi, koma tawaphatikiza chifukwa lamulo la nkhondo zawo ndi lofunika kulimvetsa.

Chachilendo pa nkhondo zake n'chiyani kwenikweni?

Kuti muone chachilendo muyambe mwaona chachizolowezi. Nkhondo imene imabwera yokonzedwa kale mu RPG Maker ndi ija ya Dragon Quest: menyani, menyedwani, moyo ukachepa imwani mankhwala. Imagwira ntchito, koma ili ndi chilema. Likatha ola limodzi, wosewera amakhala atapeza kale chida chopweteka kwambiri, ndipo amangodina batani lomwelo mpaka mdani agwe. Mdani wamkulu akamugonjetsa, saganizanso njira ina. Amabwerera kutchire kukapha tiadani ting'onoting'ono mpaka manambala ake atakwera, n'kudzapambana ndi batani lomwe lija.

Nkhondo yachilendo ndi imene imachotsa yankho limodzi lokhoza paliponselo. Wopanga amagwira chinthu chimodzi chimene aliyense anachizolowera n'kuchisintha. Wina amasintha nthawi, kuti chida chilichonse chizikhala ndi nthawi yake yodikira. Wina amasintha cholinga, kuti kupambana kusakhale kupha. Wina amasintha mdani, kuti asakhale thumba limodzi la manambala koma thupi lokhala ndi mutu, mikono ndi miyendo. Ine muyeso wanga ndi umodzi. Ngati mukudziwa kale chimene mudine mpata wanu usanafike, nkhondoyo ilibe ntchito m'gemumo, kaya zithunzi zake zikongole bwanji.

Ndikufuna kuona chitsanzo chimodzi chomveka bwino. Ndiyambe ndi iti?

Yambani ndi Helen's Mysterious Castle, gemu ya ku Japan yopangidwa ndi Satsu pa RPG Maker 2000, imene kampani ya Playism inaitulutsa m'Chingerezi. Mulibe gulu la asilikali. Muli Helen yekha, ndipo nkhondo iliyonse ndi ya mmodzi kwa mmodzi.

Chida chilichonse chili ndi manambala atatu: mphamvu yake, chitetezo chimene chimakupatsani pamene mwachigwira, ndi nthawi imene muyenera kudikira chisanagwire ntchito. Uta ndi wachangu koma sukutetezani. Lupanga lalikulu limapweteka koma limachedwa. Chishango sichipweteka mdani koma chimalandira nkhonya zake. Chinsinsi chake n'chakuti gemu imakuonetsani chimene mdani wasankha kuchita, ndiponso nthawi imene yatsala kuti achite. Palibe chobisika.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka. Mdani wakweza nkhwangwa imene itsike pakatha 5. Uta wanu umadikira 2. Mutha kuponya mivi iwiri, imene itenge 4, kenako n'kugwira chishango kuti nkhwangwa ikamatsika ipeze mwatchinga. Koma mwina mdaniyo watsala ndi moyo wochepa moti lupanga lodikira 4 lingamumalize nkhwangwayo isanatsike. Mukalakwitsa kuwerenga, ikupezani mutagwira uta, opanda chotchinga. Zili ngati pa bawo, pamene wodziwa amayamba wawerenga za m'maenje onse, zake ndi za mnzake, asanatape.

Chinanso chimene ndimachikonda n'chakuti zimene mumapata pa nkhondo mumazigwiritsa ntchito kukweza zida, ndipo malo onyamulira zida ndi ochepa. Choncho kusankha kumayamba nkhondo isanayambe. Gemu yonse yaima pa lamulo limodzi ili, ndipo imatha lamulolo lisanayambe kutopetsa.

Kodi n'zoona kuti Undertale mutha kuimaliza osapha aliyense?

N'zoona. Menyu yake ili ndi mabatani anayi: FIGHT, ACT, ITEM ndi MERCY. Loyamba ndi lomenyera, monga m'magemu onse. Lachiwiri ndi limene linasintha zinthu. Mdani aliyense ali ndi khalidwe lake, ndipo pansi pa ACT pali zochita zogwirizana ndi iye yekha. Chule mumatha kumuyamikira, galu mumamuitana, kumusisita ndi kusewera naye. Mukapeza chimene mtima wake ukufuna, dzina lake limasanduka lachikasu, ndipo mumamusiya apite mwamtendere. Nkhondo iliyonse imakhala ngati mwambi woti muumasulire, ndipo mwambi wa mdani uyu suthandiza kwa mdani winayo.

Mpata wa mdani nawo si wongoonerera. Pa sikirini pamabwera kabokosi, m'kati mwake muli kamtima kofiira kamene ndi inuyo, ndipo mumakayendetsa kuzemba zimene mdani akuponya. Zoponya zobiriwira ngati thambo sizikupwetekani mukangoima chilili, zofiirira ngati lalanje sizikupwetekani mukamayenda. Adani akuluakulu amasinthanso malamulo a kamtimako: Papyrus amakalemetsa kuti kazigwa pansi ndi kudumpha, Undyne amakaimika malo amodzi n'kukapatsa chotchingira.

Kulankhula ndi adani sikunayambe ndi Toby Fox. Shin Megami Tensei ya mu 1992 inali nako kale. Chimene iye anachita ndi kumanga nkhani yonse pa kusankha kumeneku, moti mathero a gemu amasintha malinga ndi amene mwapha ndi amene mwasiya. Anapempha madola 5,000 pa Kickstarter, tsamba la pa intaneti losonkherapo ndalama, mu 2013, ndipo anthu anasonkha oposa 51,000.

Ngati ndiyenera kuthamangitsa zala, kodi ikadali nkhondo yopatsana mpata?

Anthu amakangana pa nkhaniyi, koma kusakaniza kumeneku n'kwakale. Final Fantasy IV ya mu 1991 inabweretsa dongosolo la Hiroyuki Ito lotchedwa ATB, mmene aliyense ali ndi kamzere kamene kamadzaza pang'onopang'ono, ndipo amachita kanthu kakadzaza. Mukachedwa kusankha, mdani amakumenyani. RPG Maker 2003 inatengera dongosolo limeneli, n'chifukwa chake OFF ndi Space Funeral zili nalo. Super Mario RPG ya mu 1996 inawonjezera kudina batani pa nthawi yeniyeni imene nkhonya ikufika. EarthBound, imene inatuluka ku Japan mu 1994, inachititsa kuti moyo uzitsika pang'onopang'ono ngati manambala a mita, moti ngakhale mwamenyedwa nkhonya yakupha, mutha kudzichiza kapena kumaliza mdani nambala isanafike pa 0.

Pa magemu a kunyumba, Lisa: The Painful ya Austin Jorgensen, ya mu 2014, ndi imene inachita bwino kwambiri. Brad, munthu amene mumayenda naye m'gemumo, akamamenya, mumadina mabatani a W, A, S ndi D motsatizana, ndipo mndandanda wolondola umatulutsa nkhonya yapadera. Koma m'nkhanimo Brad atha kudulidwa mkono, ndipo akadulidwa, zina mwa nkhonya zija zimatha. Chimene mwataya m'nkhani mumachimva m'zala zanu pa nkhondo iliyonse yotsatira. Kwa ine, malinga ngati kusankha kwenikweni kukuchitika pa menyu, nkhondoyo ndi yopatsana mpata.

Ndamva za gemu imene moyo wako umadalira kuponya ndalama m'mwamba. Kodi si kubera wosewera kumeneko?

Imeneyo ndi Fear & Hunger ya Miro Haverinen wa ku Finland, ya mu 2018. Adani ena ali ndi nkhonya imene imakufunsani kuti musankhe mbali ya ndalama yachitsulo, ndipo mukaphonya mutha kufa pomwepo. Poyamba zimaoneka ngati nkhanza chabe.

Koma onani lamulo linalo. Mdani ali ndi ziwalo, ndipo mumasankha chiwalo chomenya. Mukadula mkono wogwira chikwanje, chikwanjecho chatha ntchito. Mutu ndi wovuta kuulasa, koma mukayamba mwathyola miyendo umapezeka mosavuta. Nthawi zambiri nkhonya ya ndalama ija imatha kupewedwa, podziteteza pa mpata woyenera kapena pomaliza mdani isanafike. Choncho ndalamayo ndi chilango cha munthu amene sanamuphunzire mdani wake. Onjezerani apo kuti kupha adani sikukweza manambala anu, komanso kuti inunso mkono ukaduka suphukanso. Mapeto ake mumaphunzira kuti nkhondo zambiri n'zoyenera kuzizemba.

Komabe sindingakane kuti pali malo m'gemumo amene mwayi umalamulira mopitirira, monga pogona kuti museve (kusunga pomwe mwafika), pamene ndalama yomweyo imatha kukugwetserani tsoka. Wofuna kutengera lamuloli m'gemu yake aonetsetse kuti wosewera ali ndi njira yoti maerewo asachitike. Onaninso funso lokhudza ana musanaitsitse.

Mwala, pepala ndi sizasi: kodi zimenezi sizophweka mopitirira?

Pazokha n'zophweka, koma zimalemera mukazimangirira ku chinthu china. Mu In Stars and Time ya mu 2023, yopangidwa ndi insertdisc5, mdani aliyense ndi wa mwala, pepala kapena sizasi, ndipo mumamuzindikira poyang'ana mmene wapindira manja ake. Luso lililonse mukaligwiritsa ntchito limafuna kupuma mipata ingapo, ndipo gulu lanu likamenya ndi mtundu umodzi kasanu motsatizana, limatulutsa nkhonya yaikulu ya onse pamodzi. Ndiye mumakhala pakati: mumenye ndi chimene mdani amachiopa, kapena mupirire kuti mukwanitse zisanu zija? Gemuyi inayamba ngati kagemu kakafupi ka mu 2021 kotchedwa Start Again, ndipo ndi komwe lamuloli linayesedwera.

Omori ya mu 2020 inaika mtima m'malo mwa manja. Wokondwa amagonjetsa wokwiya, wokwiya amagonjetsa wachisoni, wachisoni amagonjetsa wokondwa. Komanso mkwiyo umawonjezera mphamvu n'kuchepetsa chitetezo, chisoni chimalimbitsa chitetezo n'kuchepetsa liwiro, chimwemwe chimawonjezera liwiro koma nkhonya zimaphonyaphonya. Popeza mutha kusintha mtima wa mdani ndiponso wa anzanu, mpata wina mumautaya dala pomukwiyitsa mdani kuti mpata wotsatira mumupweteke kwambiri.

Anthu amati nkhondo za OFF, Space Funeral ndi Hylics n'zofooka. Bwanji mukuzitchulabe?

Akunena zoona pang'ono. OFF ili ndi batani la Auto limene limamenya nkhondo m'malo mwanu, ndipo nkhondo zambiri limapambana. Space Funeral ndi yosavuta moti kufa n'kovuta. Mukaziyesa ndi muyeso umene tatchula pa funso la chachilendo, zimalephera.

Chimene zimachita n'china: zimagwiritsa ntchito menyu ya nkhondo pofotokoza dziko lawo. Mu OFF, anzake a Batter, munthu amene mumayenda naye, si anthu koma mikombero itatu yoyandama yotchedwa Alpha, Omega ndi Epsilon, ndipo m'malo mwa moto, madzi ndi mphepo, dziko lake laima pa utsi, chitsulo, pulasitiki ndi nyama, shuga n'kubwera pambuyo. Mu Space Funeral muli batani la Mystery limene limachita chinthu chosayembekezereka. Mu Hylics, munthu wanu Wayne amaphunzira matsenga poonera ma TV amene amawapeza m'njira, ndipo tsenga lililonse ndi kayendetsedwe ka dzanja kojambulidwa. Akafa sabwerera pomwe munasevera. Amadzuka kudziko la akufa, kumene amagaya nyama imene watola kwa adani kuti moyo wake uchuluke, ndiye imfa imasanduka mbali ya ulendo.

Ndimaziika pansi pa Helen's Mysterious Castle pa nkhani ya kuganiza, koma wofuna kupanga gemu aziseweretu, kuti aone kuti ngakhale mayina a pa menyu ndi malo olankhulira.

N'chifukwa chiyani zoterezi zimapezeka kwambiri m'magemu afupi?

Lamulo lachilendo lili ndi msinkhu wake. Limadabwitsa, kenako mumaliphunzira, kenako mumalidziwa bwino, ndipo likapitirira pamenepo limasanduka ntchito. Gemu ya maola 3 imatha pa nthawi imene mwalidziwa bwino. Ya maola 60 imafuna lamulo lopirira nkhondo mazanamazana, ndipo kampani imene yalipira antchito ambiri kwa zaka zingapo siyerekeza kuika ndalama zonsezo pa chinthu chimene theka la ogula lingadane nacho. Munthu wa m'chipinda chake akalephera wataya miyezi ingapo basi.

Si kuti makampani sayesa ayi. Shin Megami Tensei III ya mu 2003 inabweretsa lamulo lakuti mukamenya pofooka pa mdani mumapata mpata wowonjezera, mukaphonya mumataya. Koma zoterezi zimabwera mwa apo ndi apo.

Ndingawapeze kuti, ndipo adya bandulo yochuluka bwanji?

Malo awiri akuluakulu a pa intaneti ndi itch.io, imene inayamba mu 2013, ndi Steam. Pa itch.io pali ambiri aulere, ndi ena amene mumapereka zimene mungathe. Space Funeral ndi yaulere. Pa Steam pamafunika khadi la kubanki lotha kulipira kunja, ndipo mitengo imatsika kwambiri pa nthawi za seli, makamaka pakati pa chaka ndi kumapeto kwa chaka.

Magemu a RPG Maker 2000 ndi 2003 ndi ang'onoang'ono kwambiri ndipo amayenda pa laputopu yakale. Undertale imafuna malo okwana 200 MB. A MV ndi MZ amakulirapo chifukwa amanyamula pulogalamu yonga browser m'kati mwawo. Mukatsitsa kamodzi, ambiri safunanso intaneti. Aulere mutha kugawana pa fulashi ngati mwini wake sanaletse. Magemu ogulitsidwa musagawane, chifukwa amene mukumumana ndalamayo nthawi zambiri ndi munthu mmodzi amene anagwira ntchito yonse.

Ndilibe kompyuta. Pa foni zitheka?

Zina zitheka. EasyRPG Player ndi pulogalamu yaulere imene imayendetsa magemu a RPG Maker 2000 ndi 2003 pa Android. JoiPlay imayesa kuyendetsa a XP, VX, VX Ace, MV ndi MZ, ngakhale si onse amene amayenda bwino. Ena a MV ndi MZ amaseweredwa mu browser momwemo. Nkhondo za menyu chabe zimayenda bwino pa foni, koma zofuna kuzemba kapena kudina mabatani motsatizana zimavuta popanda kiyibodi.

Gemu ikukana kutseguka, ikunena za RTP. Ndichite chiyani?

RTP ndi mtolo wa zithunzi ndi mawu umene magemu a RPG Maker akale amabwereka m'malo monyamula zawozawo. Mtundu uliwonse uli ndi wake, ndipo wa 2003 sugwira pa VX Ace. Umapezeka mwaulere pa tsamba la eni ake a RPG Maker. Ngati uthengawo ukunena za fayilo yosowa yokhala ndi dzina la zilembo zosokonekera, ndiye kuti gemuyo ndi ya ku Japan ndipo mayina a mafayilo anawonongeka pomasula zip. Imasuleninso ndi pulogalamu yolola kusankha zilembo za Chijapani.

Kodi ana angasewere?

Musanyengedwe ndi tizithunzi tooneka ngati ta ana. Fear & Hunger ndi ya akuluakulu okhaokha: muli nkhanza zoopsa ndi zogwiririra. Lisa muli nkhanza za m'banja, mankhwala osokoneza bongo ndi imfa zambiri. Omori imakamba za kuvutika maganizo ndi kudzipha, ndipo imachenjeza yokha poyambirira. OFF imayamba mofatsa koma imada kutsogolo. Helen's Mysterious Castle ndi Undertale ndi zimene mwana wamkuluko angasewere, koma kholo liyambe laona lokha.

Ndikufuna kupanga yanga. Kodi ndiyenera kudziwa kulemba mapulogalamu?

Ayi, poyamba simufunika. RPG Maker ili ndi zida zotchedwa events, switches ndi variables, zimene mumangosankha pa mndandanda: ngati ichi chachitika, chita ichi, sunga nambala iyi. RPG Maker 2000 ilibe n'komwe malo olembera code, komabe nkhondo ya Helen ija inamangidwa momwemo. Mukafuna kupitirira, XP, VX ndi VX Ace zimagwiritsa ntchito Ruby, pamene MV ndi MZ zimagwiritsa ntchito JavaScript ndipo zili ndi ma plugin ambiri, timapulogalamu towonjezera topangidwa ndi anthu ena.

RPG Maker ndi yogula. Zaulere zilipo: Godot, imene imafuna kuphunzira code, Wolf RPG Editor ya ku Japan, ndi GB Studio yopangira magemu ooneka ngati a Game Boy. Chenjezo langa ndi la ma plugin. Woyamba kumene amaunjika khumi, lililonse ndi lamulo lake, ndipo nkhondo imasanduka chipwirikiti chopanda mwini. Sankhani lamulo limodzi.

Ndingadziwe bwanji kuti lamulo langa ndi labwino ndisanataye miyezi?

Liyeseni pa pepala. Lembani zochita zinayi za wosewera pa timapepala, jambulani adani atatu, ndipo mnzanu akhale wosewera, inu mukhale kompyuta. Muzimuyang'ana. Akaima n'kuganiza asanasankhe, muli pa njira. Akatola kapepala komweko katatu motsatizana osayang'ana n'komwe mdani, konzaninso.

Manambala akhale aang'ono. Mu RPG Maker MV, nkhonya wamba imawerengedwa motere: a.atk * 4 - b.def * 2, ndiye kuti mphamvu ya womenya kuchulukitsa kanayi, kuchotsapo chitetezo cha womenyedwa kuchulukitsa kawiri. Womenya wa mphamvu 20 pa mdani wa chitetezo 15 amachotsa 50, ndipo pulogalamu imasinthasintha nambalayo ndi 20 peresenti, moti imagwa pakati pa 40 ndi 60. Ngati lamulo lanu likufuna kuti wosewera aziwerengera patsogolo, chotsani kusinthasinthako ndipo chepetsani manambala. Paper Mario ya mu 2000 imayamba Mario ali ndi moyo 10, nkhonya zikuchotsa 1 kapena 2, ndipo aliyense amatha kuwerenga pamtima.

Mdani aliyense abwere ndi funso latsopano pa lamulo lanu. Mafunso akatha, gemu ithe. Adani khumi osiyana amaposa makumi asanu ongosiyana mtundu wa khungu. Mipikisano yopanga gemu mwachangu imathandiza kuzolowera kumaliza: Ludum Dare imapereka maola 48 kapena 72, Global Game Jam imachitika mu Januwale, ndipo pa itch.io pamakhala ina yambiri chaka chonse. Muzisevanso ntchito yanu pafupipafupi ndi kusunga kope lina pa fulashi, chifukwa magetsi akazima pamene pulogalamu ikulemba fayilo, mapu kapena deta yonse itha kuwonongeka.

Ndingailembe m'Chichewa?

Mungathe, ndipo ndingakonde mutatero. Pali zovuta ziwiri zoti mudziwiretu. RPG Maker 2000 ndi 2003 sizigwiritsa ntchito Unicode, choncho chilembo cha ŵ sichituluka. MV ndi MZ zimachilandira malinga font imene mwasankha ili nacho, ndiye yesani tsiku loyamba. Chachiwiri ndi malo. Timabokosi ta menyu tinapangidwira mawu aafupi, ndipo mawu ngati "dzitetezeni" kapena dzina la luso la mawu atatu limatha kudukira m'mphepete kapena kupanikizika. Kulitsani timabokosito, kapena sankhani mawu aafupi olamula monga menya, tchinga, thawa, pepesa.

Kodi ndingaigulitse? Nanga zithunzi ndi nyimbo ndizitenga kuti?

Mukagula RPG Maker mwalamulo, mumaloledwa kugulitsa gemu yanu ndi kugwiritsa ntchito zithunzi ndi nyimbo zimene imabwera nazo, koma m'magemu a RPG Maker okha. Simungazisamutsire ku Godot. Nyimbo za oimba, kaya akunja kaya akwathu, ndiponso zithunzi zochotsa m'magemu ena, siziloledwa popanda chilolezo cha eni ake, ngakhale gemu yanu ikhale yaulere. Zojambula zanu, ngakhale za pensulo kapena za dongo zojambulidwa ndi foni, ndi zanu ndipo zimaipatsa gemu nkhope yake.

Kuika gemu pa itch.io n'kwaulere, ndipo mumasankha nokha gawo limene eni tsambalo azitengapo, ngakhale amayambira pa 10 peresenti. Steam imafuna madola 100 pa gemu iliyonse ndipo imatenga 30 peresenti ya zogulitsa. Musanaike mtengo, fufuzani ngati njira zolandirira ndalama monga PayPal kapena Payoneer zikulola kulandira m'dziko limene mukukhala, ndiponso konzekerani kudzaza fomu ya msonkho ya ku America imene masamba onse awiriwa amafuna kwa wogulitsa wakunja.